Telala amene anakana kutsegula zenera

Panali telala wina amene ankasokera pakhonde la golosale ku Nsanama. Munthuyu ankadziwa chesi. Anzake anali ndi thabwa limodzi lokha losewererapo, ndipo lamulo lawo linali lakuti wopambana pa mpikisano wa chaka ndiye amalisunga. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri thabwalo linkagona kwa telala. Anthu ankadzaza pakhonde pake chifukwa cha thabwalo, ndipo iye ankamva kukoma ngati nyenyezi zonse zimatulukira padenga pake.

Kaseweredwe kake kanali kamodzi. Masewera akangoyamba, ankathawitsira mfumu yake pakona. Patsogolo pa mfumu pankaima tiasilikali titatu, pambali pake nsanja, ija imayenda mowongoka ngati msewu wa tala. Zikatero ankati, "Nyumba ndamanga. Gogodani mpaka zala zitupe."

Chaka china anafika pa ndime yomaliza ndi mayi wina wogulitsa mandasi. Mayiyu anaphunzira chesi pongoonerera, beseni lili pamiyendo.

Telala anadya. Anadya akavalo onse awiri, anadya abishopu, anadya ngakhale mfumukazi. Mayi uja anangotsala ndi nsanja imodzi ndi tiasilikali tochepa. Telala ataona kuti kudya kukukoma, anatumiza zida zake zonse kutsidya, ndi nsanja yomwe ija inkalondera mfumu. Kumbuyo kunatsala mfumu yokha, tiasilikali titatu tili ndii patsogolo pake ngati chitseko chokhoma.

Mayi uja anayang'ana pakona paja nati, "Bambo atelala, mfumu yanuyo ikupuma bwanji mmenemo? Bwanji osaitsegulira kazenera?"

Abale, tamvani. Mdani weniweni ndiye akumuchenjeza! Chinkafunika n'chiyani? Kusuntha kamsilikali kamodzi, sitepe imodzi yokha, kuti mfumu ikhale ndi pothawira. Basi. Chala chimodzi chikanatha ntchito imeneyo.

Koma chapatali panali kamsilikali ka mayi uja kali kokhakokha, konona ngati kanyama ka pa chiwaya. Inali nthawi ya telala yosuntha, ndipo ankayenera kusankha: zenera kapena kanyamako.

"Mayi, inu dziwani za mafuta ndi ufa," anatero telala. "Nyumba yanga ilibe ming'alu."

Anadya kamsilikali kaja.

Mayi uja anapukuta zala pachitenje, nagwira nsanja yake, n'kuitsetsereka mpaka mzere wakumbuyo kumene kunali mfumu ya telala. Mfumu inati ithawire kumbali, nsanja ikuiyang'ana. Inati ithawire kutsogolo, tiasilikali take tomwe tatseka njira. Zida zake zonse zinali kutali, zokhuta, zopanda ntchito. Masewera anathera pomwepo.

Thabwa lija linachoka pakhonde lili pamwamba pa beseni la mandasi, anthu onse pambuyo pake. Telala anatsala ndi makina ake, akuyang'ana patebulo pamene panalibenso kanthu.

Tsopano ndikuponyereni mwambi woti mumasulire: ndi nyumba yanji imene mwini wake amagwidwa ndi alonda ake omwe? Musayang'ane kutali. Ndi mtima wotseka.

Ine zimenezi zimanditopetsa, anzanga. Tonsefe tamanga makoma okongola. Wina khoma lake ndi "ine sindipepesa." Wina ndi "zanga sindiuza munthu." Wina ndi "ndili bwinobwino," chonsecho mkati mukuyaka moto. Timati tadziteteza. Mnzako akati, "Tiye tipemphere limodzi," iwe nkhope gwaa. Mayi ako akati, "Mwanawe, chavuta n'chiyani?" iwe, "Palibe." Palibe chiyani? Maso ofiira amenewo ndi a anyezi?

Woyesa, mdani wa mizimu yathu, savutika n'kugumula khoma lako ayi. Amangodikira tsiku limene maso ako ali pa tinthu tokoma takutali, n'kulowera kumbuyo. Ukati uthawe, upeza kuti khoma lomwe unkanyadira ndi limene lakugwira.

Mulungu sakuti ugwetse nyumba. Akuti tsegula kazenera kamodzi. Vomera kuti walakwa. Pempha thandizo. Ndi sitepe imodzi yokha, koma imasunthidwa nthawi yako isanadutse. Telala uja anali nayo nthawi imeneyo m'manja mwake, ndipo anaigulitsa ndi kamsilikali kamodzi. Yako ndi lero. Ukudikira chiyani?