Funso la Mayi Jowakina Pakhoma

Panali munthu wina wa kwathu konkuno, anzanga, dzina lake a Mtukula, katswiri wa mijigo. Bungwe lina linawatuma ku Mozambique, kuchigawo cha Tete, kukaphunzitsa makomiti a m'midzi kasamalidwe ka mijigo yawo. Sabata iliyonse gulu latsopano. Lolemba kudziwana mayina, Lachisanu masatifiketi ndi chithunzi cha pagulu. Kenako gulu lina, mawu omwewo, nthabwala zomwezo. Kutentha kwake kumeneko, eee, musafunse. Pofika mwezi wachisanu ndi chitatu, a Mtukula ankangophunzitsa ndi pakamwa, mtima uli kwina.

Chimene chinkawalimbitsa chinali Lachisanu masana. Anzawo a kuntchito ankapeza galimoto n'kuthawira kumapiri, kumalo ena ogona alendo kumene kunkawomba kamphepo kayaziyazi. Kumeneko ankavula nsapato, kuwotcha nyama, kugona mpaka dzuwa litakwera. Sindikuwanena ayi. Inenso ndinatopapo chonchi, ndipo mpaka lero kutopako sikunandichoke.

Tsono mwambo wathu ife ophunzitsa mukuudziwa. Timamata chipepala pakhoma. Wina akafunsa zosagwirizana ndi mutu wa tsikulo, timalemba funso lake pamenepo n'kunena kuti tibwererako. Wofunsayo sachita manyazi, ndondomeko siisokonekera, aliyense wakondwa. Koma tinene zoona, ndi angati mwa ife anabwererako?

Sabata ina m'gulu munali Mayi Jowakina, munthu wachikulire, wapampando wa komiti ya mjigo kumudzi kwawo. Lachiwiri, a Mtukula ali mkati moonetsa kasinthidwe ka mphira za m'mapaipi, mayiwo anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, mjigo wathu wayamba kutulutsa madzi ofiirira, onunkha. Ana akutsegula m'mimba. Titani?"

"Funso labwino, mayi," anatero a Mtukula. Anatenga cholembera n'kulilemba pakhoma ndi zilembo zikuluzikulu. "Lero tili pa mphira. Tibwererako."

Mayiwo anayang'anitsitsa funso lawo lili pakhomapo, anagwedeza mutu mokhutira, n'kukhala pansi. Lachitatu linadutsa. Lachinayi linadutsa. Lachisanu chithunzi chitangojambulidwa, galimoto inali ikulira kale panja, anzawo akuimba hutala. A Mtukula anamatula mapepala onse, anawapindapinda n'kuwakankhira m'chikwama. Ulendo wa kumapiri.

Loweruka m'mawa, pofuna malaya m'chikwamamo, chipepala chija chinagwa pansi. Anawerenga zolemba zawo zomwe. Yankho ankalidziwa bwinobwino, ndipo linali lalifupi: lekani kumwa madziwo, wiritsani, kaoneni ngati simenti yozungulira mjigo yang'aluka. Mawu oti akanawanena ataimirira pakhomo, chikwama chili m'manja.

Anakhala pabedi nthawi yaitali. Thupi linkakana, ndithu linkakana. Koma anatsegula kaundula wa mayina a ophunzira n'kupeza dzina la mudziwo. Nambala ya foni panalibe. Anauza anzawo kuti akupita kumudziko.

"Akulu, mwapenga kodi?" anatero mnzawo wina, nyama ili kale pamoto. "Tangofika dzulo. Zimenezo mudzaziona Lolemba."

"Lolemba kuli gulu lina," anayankha a Mtukula, n'kuvala nsapato.

Anakwera basi, kenako lole, kenako njinga yamoto. Anafika Lamulungu dzuwa lili pamutu. Pamjigo panali mzere wa amayi ndi zidebe zawo. Simenti inali itang'aluka pakati, ndipo chapamwamba pake, mapazi ochepa chabe, wina anali atakumba chimbudzi. Mvula ikagwa, zonse zinkatsikira pomwepo.

Mayi Jowakina anabwera akuthamanga, nkhope ikuwala.

"Mwabwera, aphunzitsi! Ndinawauza ine kuti mubwera. Anthu ankafuna kuusiya mjigowu kuti azikatunga kumudzi wina, koma Lachiwiri lomwe lija ndinatumiza mawu kuti asavutike. Ndinati aphunzitsi alemba ndi dzanja lawo, pamaso pa gulu lonse. Chikanakhala choopsa akanandiuza pompo."

A Mtukula anafunsa msanga:

"Nanga ana?"

"Mdzukulu wanga anamutengera kuchipatala dzulo. Ena awiri ali gone m'nyumba."

Mayiwo sanakalipe, sanadandaule. Ankayankhula ngati munthu amene wagwira bwino ntchito yake. Chimenecho ndiye chinawapweteka kwambiri a Mtukula.

Anapempha sipanala ya komiti. Anamasula mabawuti, anazula chogwirira cha mjigo n'kuchinyamula paphewa. Amayi a pamzere anafuula, ena anawatukwana, chifukwa madzi ena anali kutali ndipo dzuwa linali likuswa mtengo. Iwo sanadziteteze. Anakaika chitsulocho m'nyumba mwa Mayi Jowakina, anasonkhanitsa anthu pamthunzi, n'kuwauza mawu afupi aja amene anayenera kunenedwa Lachiwiri. Atatha anatembenukira kwa mayiwo.

"Mayi, sikuti ndinalemba funso lija chifukwa linali laling'ono. Ndinalemba kuti mukhale pansi."

Nkhope ya mayiwo inagwa.

Za mdzukulu uja musandifunse. A Mtukula sanandiuze, ndipo ine sindinalimbe mtima kufunsa kachiwiri.

Tsono inu, mawa mukukwera mabasi, aliyense ku dziko limene watumidwako. Mudzatopa, ndikukuuzirani. Lachisanu likafika pitani kumapiri, kapumeni, palibe tchimo. Koma dziwani kuti inu mukalemba funso la munthu mumakhala mwalitula, pamene iye amayesa mwalisenza. Ngati yankho mulibe, muuzeni pomwepo kuti simukudziwa, akafunse kwina. Ngati mulinalo, siyani mphira zanuzo, muyankheni. Munthu ameneyo sanabwere yekha m'kalasi mwanu. Kwawo kuli ana amene akumwabe madziwo chifukwa inu simunanene kanthu.