Mayeso a M'munda wa ku Mphamba

Tsiku lomaliza limene Ezron Nyirenda adaona mkulu wake Manasseh ali moyo, adamupeza m'khola la ng'ombe, akuwola manyowa ndi fosholo kuthira m'dengu. Mvula yoyamba inali itangogwa ku Mphamba, dothi likununkhira mudzi wonse. Manasseh ataona chikwama paphewa la mng'ono wake, adaimika fosholo, n'kudikira kuti chifuwa chimuleke kaye.

"Adokotala a chimanga anyamuka!" adatero akuseka. "Nanga odwala anu muwasiyila ndani?"

"Akulu, musandiseke. Munda suthawa. Mabuku ndiwo avuta."

Munda umenewo unali mayeso. Kukoleji ya zaulimi kumene Ezron ankaphunzira kudabwera mphunzitsi wina, a Simfukwe, amene sankakhulupirira kuti nzeru zonse za munthu zingakwane papepala. Iwo adagawa mayeso a chaka chomaliza pawiri. Theka linali lolemba monga mwa masiku onse. Theka linalo, wophunzira aliyense apite kwawo patchuthi cha dzinja, akalime yekha ndime ya chimanga, mbali ina ndi feteleza, mbali ina ndi manyowa, ndipo mphunzitsi adzafika kudzayenda naye m'mizere ndi kumufunsa zimene waona. Zaka zimenezo feteleza anali atakwera mtengo ngati wamera mapiko, ndipo a Simfukwe ankati mlangizi wosadziwa kulemera kwa dengu la manyowa alibe chouza mlimi.

Aphunzitsi anzawo sadagwirizane nazo onse. Ena ankati n'zabwino koma n'zodya nthawi ndi mafuta a njinga zamoto. Ena ankafunsa kuti mvula ikakana, walephera ndi mwana kapena ndi mitambo? Mkulu wina wa imvi, amene Ezron ankamulemekeza kwambiri, adanena poyera m'kalasi kuti digiri sakolola m'munda, ndipo kuti mayeso enieni ndi a munthu, cholembera ndi wotchi. Mawu amenewa adagwera Ezron m'khutu ngati mbewu panthaka yonyowa. Iye anali katswiri wa pepala kuyambira ali mwana. Khasu ndilo adalithawa popita kusukulu. Nanga sukulu imubwezerenso kukhasu?

Ndiye chifukwa chake adakonza zopita ku Chipata, kunyumba ya mnzake kumene kunali magetsi, kukawerenga dzinja lonse. Ndime adaisiyira Manasseh, amene adamulera chimwalirire bambo awo, amene adagulitsa ng'ombe kuti mng'ono wake aphunzire.

"Mizele ikhale yopingasa motsetseleka muja," Ezron adalangiza. "Manyowa mbali ya kumusi. Aphunzitsi akamabwela ndidzafika, mudzangondiuza zonse."

"Yewo, bwana mlangizi," adayankha Manasseh. Adapukuta dzanja pamalaya, n'kumugwira mng'ono wake pakhosi monga ankachitira ali ana. Dzanjalo linali lotentha, lopepuka ngati phesi. Ezron adamva kutenthako, koma minibasi ya ku Chipata sidikira munthu.

Manasseh anali ndi munda wakewake wodyetsa mkazi wake Evelina ndi ana, komanso fodya wofuna manja tsiku ndi tsiku. Ndime ya mayeso idakhala katundu wapamwamba pa katundu. Komabe adaisamala kuposa yake. Ankayamba kumeneko mame asanakamuke, n'kumalizira kwake dzuwa litaswa mtengo. Evelina akamuletsa, iye ankamutchula dzina la mfunda wake, n'kunena kuti, "Iyi ndi digili ya nyumba yonse, NyaZimba. Chimanga chathu chikalephela tidzagula. Ichi chikalephela tidzagula kuti?"

Uthenga udafika ku Chipata kudzera mwa munthu wa kumudzi amene adabwera kudzagula mbewu ya mtedza. Adati akulu anu chifuwa chakula, mulamu wanu akuti bwerani mudzathandize kupalira. Ezron adayankha kuti amalize kaye buku limene adali nalo m'manja. Buku lidatha, lina lidayamba. Uthenga wachiwiri sudanene za kupalira.

Manasseh adagwa akubandira chimanga cha mayeso, khasu lili m'manja. Adamunyamula panjinga kupita naye kuchipatala ku boma, koma sadagonemo masiku ambiri. Ezron adafika bokosi litakhomedwa kale.

Misozi isanaume pakhomo, a Simfukwe adatulukira panjinga yamoto, matope mpaka m'mawondo, osadziwa kanthu. Ataona mitu yometa adavula chipewa, n'kukhala pansi kupepesa maliro, nati za munda zidikire. Koma Ezron adaumirira kuti apite. Mwina ankafuna kuti chinthu chimene chidadya mkulu wake chibereke kanthu.

Ndimeyo inali yokongola zomvetsa chisoni. Chimanga chili bii, ngaiyaye zitayamba kutuluka, mizere yopingasa itagwira madzi bwinobwino. A Simfukwe adayenda pang'onopang'ono akugwedeza mutu. Adati m'minda yonse imene adayendera chaka chimenecho, woposa uwu sadauone. Kenaka adayamba kufunsa, mofatsa, ngati munthu wocheza. Mbali ya manyowa idamera liti? Mbozi zidayamba mbali iti? Ezron ankadziwa mayina onse a mbozi m'Chilatini, koma mbozi za m'munda umenewu sadazionepo. Adayankha za m'buku. Mphunzitsi adapitiriza kuyenda m'mizere.

Atafika kumapeto kwa ndime adapeza mizere ingapo yosabandira, udzu utayamba kumeza chimanga. Mzere umodzi udali wobandira mpaka pakati, n'kulekera pomwepo.

"Nanga apa munalekelanji, a Nyirenda?"

Ezron adayang'ana pamene dothi lofukulidwa lidathera. Adayankha ndi Evelina, amene ankawatsatira patali, mwana ali kumbuyo.

"Apo ndiye anagwela a wisi ŵana, amuna anga. Mulamu sanaliko, musamuvutitse. Iye anali ku mabuku."

Sadanene mokalipa. Chikhala adakalipa, bwenzi zili bwino.

A Simfukwe adagwira chipewa pachifuwa. Kenaka adati sangathe kulemba kuti Ezron wakhoza, pakuti amene adakhoza mayeso amenewa sali m'kalasi mwawo. Koma adati ubwino wa mayeso a m'munda ndi wakuti mvula imabweranso. Adzamupemphera kwa akuluakulu a koleji kuti chaka chamawa alime ndime ina ndi manja ake.

Chaka chamawa Ezron adalimadi ndi manja ake, koma osati ndime ya mayeso. Panali mkazi wamasiye, ana, fodya wofuna kupachika m'chigafa, ndipo panalibenso wogulitsa ng'ombe kuti wina aphunzire. Kukoleji sadabwerereko. Ngakhale mayeso olemba aja, amene chifukwa cha iwo adasiyira mkulu wake khasu, sadawalembe. Mabuku ake chiswe chidawerenga.

A Simfukwe akuti adapitiriza kuyenda m'minda ya ophunzira, ndipo anzawo adapitiriza kukangana nawo. Ezron alibe mbali pamkangano umenewo. Chimene adziwa n'chakuti pepala likadamulola kubisala, koma munda udamuulula. Ndipo kuti iye adapita kunkhalango ndi chida cha mwini, osayang'ana n'komwe ngati mpini uli ndi mng'alu. Akale adanena kale: nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Manasseh Nyirenda adaikidwa m'manda pa 11 Febuluwale, 1997.