Njinga Imene Anaitseka Pakamwa

Pa siteji ya kabaza ya ku Chikombe, pomwe mabwato ochokera ku chilumba cha Mbenji amatsitsira nsomba, panalibe munthu wosaidziwa njinga yamoto ya Mayankho. Sikuti inali yokongola kuposa zinzake ayi. Inkadziwika ndi kulira. Akangoiimika injini ili chilirire, m'mimba mwake munkamveka gobedegobede ngati mwana akugwedeza miyala m'chitini, mpaka anzake anaipatsa dzina loti Maseche. Akafinya chogwirira cha kilachi, phokoso linkati zii. Akachisiya, gule ankayambiranso. Choncho mnyamatayu ankadikira makasitomala dzanja lamanzere lili chifinyire, mpaka zala kuchita dzanzi.

Mayankho anali munthu wosakhazikika. Tiyi ankamwa chiimirire, moni ankayankha atadutsa kale, ndipo dzina lake linamukhala bwino, chifukwa yankho ankakhala nalo funso lisanathe. Koma masiku amenewo kusakhazikikako kunafika pena, poti chinkhoswe chake chinali pafupi. Ankafuna kukwatira Eveles, mwana wa mayi wina woyanika usipa pagombe pomwepo. Zonse zinali m'malo, kupatula chimodzi: mwini mbumba, a Robert, amalume ake a Eveles, ankakhala kumtunda ku Chitala komwe ankalima chimanga, ndipo popanda iwo panalibe chinkhoswe. Mayankho anali atalonjeza pamaso pa anthu kuti akawatenga yekha pa njinga yake m'mawa wa tsikulo. Ankafuna amalumewo aone ndi maso awo kuti mwana wawo akupita kwa mwamuna wokhala ndi chake.

Tsono chakecho n'chimene chinkamuchititsa manyazi. Anzake pa siteji sankamusiya apume.

"Aise, amalume ukawatengere pa Maseche?" ankatero. "Ndiye oimba ng'oma usawaitanenso, gule afika naye okha kuchokera ku Chitala!"

Mayankho ankaseka nawo, koma mumtima munkawawa. Tsiku lina masana anaikankhira njingayo pansi pa mtengo wa mango pomwe a Ramadhani, makaniko wamkulu wa pamalopo, ankakonzera njinga ndi mainjini a maboti. Bamboyo anailiza, anagunditsa sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake n'kuchiika kukhutu. Anamvetsera nthawi yaitali, Mayankho akungopondaponda pansi ngati waima pa mchenga wotentha.

"Achimwene," anatero a Ramadhani, "timphira ta m'kati mwa kilachi tatha, ndipo timisomali togwira mbale zake tagwedera. Wallahi, ndikulumbira, njingayi sikunama. Isiyeni pano, mukwere minibasi mukagule zatsopano ku Salima, ine ndimange. Mawa madzulo, Insha Allah, mudzaitenga ili bwino."

"Ndisiye njinga nyengo ino, bambo? Ku Mbenji angotsegula kumene usodzi, amayi a nsomba ali mbwee pagombe. Ine sindinabwere kudzaigoneka m'chipatala. Ndikungofuna phokosoli lithe."

"Phokosolo si matenda, achimwene. Kumeneko n'kubuula kwa wodwala. Chizani matenda, kubuula kutha kokha."

"Ndamva, ndibweranso," anatero Mayankho, mwendo uli kale pa njinga.

Sanabwerenso. Munthu akafuna yankho lomukomera salephera kulipeza, ndipo iye analipeza kwa dalaivala wina wa lole yonyamula nsomba, amene ankadya chipisi podikira katundu. Dalaivalayo anamuuza kuti phokoso la chitsulo mankhwala ake ndi oilo wolimba, uja amathira m'giyabokosi ya lole, ndipo ukasakanizako girizi pang'ono ngakhale galimoto yokalamba imayenda ngati mkwatibwi. Anamugawirako m'botolo la madzi akumwa. Mayankho anathamangira kuseri kwa nyumba yake, anakhetsa oilo wa njinga, n'kuthiramo chiphalaphala chakudacho. Atailiza, anasiya chogwirira cha kilachi pang'onopang'ono, khutu lili tcheru. Kunali zii. Anavina yekhayekha kuseriko, ndipo ndikunena zoona, chisangalalo chake chinali chenicheni.

Pa siteji anzake analeka kumuseka. Mayankho ankaimika njinga pakati pawo, manja onse awiri atapinda pachifuwa, kuti aliyense aone kuti sakufinya kanthu. Akadutsa pa mtengo wa mango ankaliza hutala, a Ramadhani n'kungopukusa mutu.

Koma njinga yotsekedwa pakamwa inayamba kulankhula ndi thupi. Magiya anayamba kulimba, moti polowetsa ankachita kuponda ndi chidendene. Akaima, ngakhale afinye kilachi mpaka kumapeto, njingayo inkakhala ikusuntha pang'onopang'ono ngati mbuzi yokoka chingwe. Injini inkatentha mpaka kuwotcha miyendo. Zonsezi Mayankho ankaziona, ndipo chilichonse ankachipezera yankho: ndi dzuwa la kunyanja, ndi katundu wolemera, ndi mchenga. Ngakhale Eveles, tsiku lomwe anamunyamula kupita kwa telala, anafwenthera mphuno.

"A Mayankho, kodi simukumva fungo? Chinachake chikupserera."

"Ndi nsomba akuwamba ukozo."

"Ayi, likuchokera pansi pathu pano. Bwanji osapita nayo kwa a Ramadhani chinkhoswe chisanafike?"

"Eve, iwe ganiza za diresi, za injini undisiyire ine," anatero, n'kuwonjezera moto kuti mphepo imeze mawu otsalawo.

Tsiku la chinkhoswe linafika. Kwa mayi ake a Eveles anali atakhoma tenti, mipando ya ku tchalitchi itandandalikidwa, amayi ali yakaliyakali kukhitchini. Ankhoswe a kuchimuna, atagwira tambala wawo wokapereka, anamuchonderera Mayankho kuti atume mnzake, poti mwini chinkhoswe sayendayenda pa tsiku lake. Iye anakana. Anapukuta njinga mpaka kuwala, anavala malaya oyera, n'kuuyatsa wa ku Chitala dzuwa lisanakwere.

Anawapeza a Robert ali okonzeka pakhonde, atavala suti yabulawuni imene inkatuluka m'sutikesi pa maukwati ndi pa maliro basi. M'khwapa anali atapanira nkhuku yathadzi, yoti akasinthanitse ndi tambala wa kuchimuna monga mwa mwambo. Anali munthu wamawu ochepa, wa maso oyang'ana nthawi yaitali. Anaizungulira njingayo, n'kugwedeza mutu.

"Njinga yofatsa," anatero. "Zinzake zimasokosa."

Mayankho anamwetulira. "Ndimaisamala, amalume. Chinthu ukachisamala sichidandaula."

Ananyamuka. Mvula inali itangosiya kumene, ndipo msewu wafumbi unali ndi zithaphwi m'malo otsika. Mayankho ankayang'ana dzuwa, nkhawa ikumudya kuti anthu akudikira, ndipo m'malo moyenda modekha ndi munthu wamkulu kumbuyo, anaikoka njinga ngati akuthamangitsa minibasi. Kutentha kwa injini kunkamulowa m'thalauza. Fungo lija linakula mpaka a Robert anatsokomola. Atafika padambo pomwe msewu umatsetserekera m'matope, anafuna kutsitsa giya, koma giya inakana. Anaponda ndi mphamvu. Pamenepo m'mimba mwa njinga munamveka kuti khotcho! kamodzi kokha, tayala lakumbuyo linauma gwa, ndipo onse atatu, mkamwini, amalume ndi nkhuku, anapezeka ali m'matope.

Mwamwayi palibe anathyoka. A Robert anadzuka pang'onopang'ono, thalauza la suti litang'ambika pabondo, magazi akuchucha pang'ono. Nkhuku anali asanaitaye. Anayang'ana njinga itagona chammbali, pansi pake pakutuluka zakuda zonanda, zikufuka utsi.

"Pepani, amalume, pepani ndithu!" Mayankho ankalankhula mawu akuthamangitsana, kwinaku akupukuta jekete lawo ndi manja amatope. "Sindikumvetsa. Inali itasiyiratu kulira!"

A Robert anamuyang'ana. "Inkalira?"

Apa munthu wanzeru akanameza malovu. Koma Mayankho yankho linkamutuluka lokha. Anafotokoza zonse, poganiza kuti akudziyeretsa: za gobedegobede, za anzake omuseka, za a Ramadhani amene ankafuna kuigoneka njinga nyengo ya nsomba, za oilo wa lole amene anathetsa phokoso tsiku lomwelo. Ankalankhula ngati munthu amene wachita zonse zotheka koma tsoka lamugwera.

"Ndiye kuti makaniko anakuuzani chovuta," anatero a Robert.

"Anandiuza, koma..."

"Njinganso inkakuuzani."

"Linali phokoso chabe, amalume."

A Robert anakhala pa chulu cha m'mbali mwa msewu, anaika nkhuku pamiyendo, n'kuyamba kuisisita.  Kenako analankhula mofatsa, osakweza mawu.

"Bambo, kugwa sindikudandaula nako. Njinga zimagwa, ngakhale ngolo imagubuduzika. Suti ndisoketsa. Koma inu chinthu chimene chimakudyetsani chinalira, ndipo simunafunse kuti chikulira chiyani. Munachithira oilo kuti chikhale chete, anzanu asakusekeni. Tsono ndiuzeni: mwana wa mlongo wanga akadzayamba kulira m'nyumba mwanu, mudzamuthira chiyani?"

Mayankho anatsegula pakamwa. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, sipanatuluke kanthu.

"Nkhukuyi ndikubwerera nayo," anatero a Robert akuimirira. "Kauzeni akwanu kuti sindinakane, komanso sindinavomere. Mbumba yanga sindiipereka kwa munthu wosamva. Ndikadzamva kuti makutu anu anatseguka, tidzakhala pansi."

Anatembenuka, n'kuyamba kutsimphina kubwerera ku Chitala, nkhuku ili m'khwapa. Mayankho anawathamangira, anagwada m'matope, analonjeza kuti aimbira foni mnzake abwere ndi njinga ina, analonjeza kuti mawa lomwe apita ku Salima kukagula zitsulo. A Robert anangomulambalala ngati chitsa.

Njingayo sinkakankhika n'komwe, poti tayala linali litauma. Mayankho anadikira padzuwa, foni ikungolira m'thumba iye osalimba mtima kuiyankha, mpaka kunadutsa ngolo ya ng'ombe yopita kunyanja ndi matumba a chimanga. Anaikweza pamwamba pa matumbawo, iye n'kukhala pambali pake. Munthu amene sankatha kudikira tiyi kuti azizire anayenda ulendo wonsewo pa liwiro la ng'ombe, ana a m'midzi akumuloza.

Pomwe ankafika, uthenga unali utafika kale, poti a Robert anali ataimbira mlongo wawo. Anyamata ankagwetsa tenti, mipando ikubwerera ku tchalitchi pamitu pa amayi. Tambala wa kuchimuna anali womangirira kumwendo wa tebulo, wefuwefu ndi ludzu. Eveles anali atakhala pamkeka pakhonde, akadali m'diresi lake latsopano, maso ali psuu. Anali atakhala m'nyumba kuyambira m'mawa, atafunda chitenje pamodzi ndi anzake monga amachitira, kudikira kuti mwamuna wake adzamuvundukule pamaso pa anthu, mpaka mayi ake ndiwo anadzamuvundukula.

"Eve," anayamba Mayankho, "ndikufotokozere mmene zinakhalira..."

"Ayi," anatero Eveles. Sanagwetse nkhope. "Lero musafotokoze. Mwafotokoza kokwanira. Tengani tambala wanu, akufa ndi ludzu."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Mayankho anaima pabwalopo, malaya oyera aja ali bii ndi matope, ndipo analira ngati mwana, anthu akuona. Palibe amene anamuseka. Anamasula tambalayo, anamumwetsa madzi, n'kumunyamula kupita naye kwawo wapansi.

Ine nkhaniyi imandipweteka, chifukwa mnyamatayo sanali woipa mtima, ndipo Eveles ankamukonda. Koma iye ankayesa kuti aliyense womusokosa ndi mdani wake, ndipo womupatsa bata ndiye bwenzi. Anathawa makaniko wonena zoona, analola mphepo kumeza mawu a Eveles, anatseka pakamwa chitsulo chimene chinkamuchenjeza tsiku ndi tsiku popanda kumulipiritsa, n'kuthokoza munthu wodutsa amene anamupatsa botolo la oilo. Akuluakulu sananame pamene anati: wakutsina khutu ndi mnansi.