A Chadewa Ayambe Kuona Nkhope ya Yani?

Kalekale, koma osati kale lakutali kwambiri, poti ena mwa inu munali mutayamba kale kuvala nsapato, pamsika wina m'boma la Ntchisi panali telala, dzina lawo a Chadewa. Buluku losoka a Chadewa silinkang'ambika, mwini wake ankangotopa nalo. Zaka makumi atatu anakhala pakhonde la golosale imodzimodziyo, mashini akulira kuyambira m'mawa, pakamwa pawo pakulira kuposa mashiniwo, chifukwa mkuluyu kukangana ankakukonda ngati tiyi.

Ndiye kunabwera ng'ala. Inayamba diso lamanzere, kenako lamanja. Poyamba ankapempha odutsa kuti awalowetsere ulusi pasingano. Tsiku lina anasoka thumba la malaya a abusa mozondoka. Potsiriza anafunditsa mashini awo chitenje, n'kukakhala kunyumba. Akazi awo anali atamwalira, ana ali kutali ku Joni. Munthu amene ankadziwa muyeso wa chiuno cha aliyense pamsikapo anatsala wongomva mapazi a anthu akudutsa kumsewu, zaka zisanu ndi chimodzi. Zinali zomvetsa chisoni zedi.

Achipatala ankabwera chaka ndi chaka kudzalengeza kuti ng'ala imachotsedwa, ndipo mwaulere. A Chadewa, toto. Anali atamva kuti madokotala amakolowola diso, n'kuliika m'mbale, n'kukubwezera la mbuzi.

"Ine ndifa ndi maso anga," ankatero. "Akhungu, koma anga."

Pamsika pomwepo panali gulu la zisudzo lotchedwa Tilipano. Musaganize za anthu ophunzira zisudzo kukoleji ayi. Anali ogulitsa tomato, akabaza, wometa, ndi mphunzitsi mmodzi. Sankalandira kalikonse. Loweruka lililonse ankamangirira zovala zamasewero panjinga n'kulowera kumidzi, ina yakutali yoti galimoto silifika, kukaseketsa anthu ndi kuwasiyira nkhani yoti akambirane. Lamulo lawo linali lakuti sewero salipeka m'mutu. Ankayamba amvetsera kaye kumjigo ndi kuchigayo zimene zikuwadya anthu mumtima.

Pa anthu atatu a gululi amene ndikufuna muwadziwe, woyamba, amenenso anali makutu a gulu, anali Nangondo, mayi wogulitsa tomato amene anadzakwatiwa kumeneko a Chadewa atasiya kale kuona. Iyeyu tsiku lina anawapeza akupapasa pansi kufuna chikho chimene chinali pafupi ndi phazi lawo. Anawatolera, n'kukhala pansi. Masana atatu anabwera kudzaswa nawo mtedza, osatchula chipatala ngakhale kamodzi. A Chadewa, poona kuti apeza wowamvetsera, anakhuthula zonse: za diso la mbuzi, za mantha awo, ngakhalenso zoti m'midzi yozungulira munali akhungu ena amene ankati, "Ngati a Chadewa, munthu wozindikira, akukana, ife ndi ndani?" Nangondo anakauza anzake kuti sewero lotsatira ndi limenelo. Ena ankafuna kubwereza la kolera poti analiloweza kale, koma mayiyu anakakamira mpaka anagonja. Tsiku la sewero anawagwira dzanja a Chadewa mpaka pabwalo.

"Tiyeni, bambo, mukangomvera nawo," anatero. "Kuseka sikufuna maso."

Wachiwiri anali Gelesomu, mnyamata wakabaza, katswiri wotsanzira anthu. Iyeyu anapatsidwa mbali ya wakhungu wamakani. Anapangana bwinobwino kuti wakhunguyo akhale kalipentala, dzina lina, mudzi wina, kuti pasapezeke wochita manyazi. Koma Gelesomu ali ndi nthenda yake: anthu akangoyamba kuseka, mutu umamuchoka. Anangozindikira watsokomola chitsokomolo cha a Chadewa. Anthu anaseka! Iye anawonjezera, phazi layamba kupalasa mashini osaoneka. Kenako anakweza mawu, mawu enieni a mkulu uja: "Akhungu, koma anga!"

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. A Chadewa sanaone kanthu, koma anadzimva. Anaimirira, ndodo ili m'mwamba.

"Ameneyo ndine! Mwandibweretsa pano kuti mudzandiseke?"

Anabwerera kunyumba akulumbira kuti kuchipatala sadzapondako, ndipo wa Tilipano aliyense asadzaponde pakhomo pawo. Koma panali chinthu chimodzi chimene sanauze munthu. Mawu aja, ali m'kamwa mwawo, ankamveka anzeru. Atawamva m'kamwa mwa wina, anamveka ngati a mwana wokana kusamba. Kuyambira tsiku limenelo ankati akafuna kuwanenanso, lilime linkalemera.

Wachitatu anali Dolika, mphunzitsi uja, amene ankatsogolera gulu pokonzekera masewero. Anapita kukapepesa, anamuthamangitsa. Anapitanso, anamuthamangitsanso, ulendo uno ndi galu yemwe. Kachitatu sanapepese. Anangoima pataliko n'kunena kuti, "Agogo, sewero lija lili ndi zolakwika. Tikufuna munthu wotikonzera."

"Zolakwika?" anatero a Chadewa. "Lonse n'lolakwika! Mnyamata uja kupalasa mashini sadziwa. Amaponda ngati akupha njoka."

Basi, anakodwa. Mlungu womwewo anapezeka m'kalasi momwe gulu linkakonzekera, atakhala pampando wa aphunzitsi, akudzudzula aliyense. Gelesomu anamubwezabweza mpaka thukuta. Tsiku lachinayi a Chadewa anatopa naye n'kunena kuti, "Choka apo, mwanawe, ndikuonetse." Gelesomu anachoka, ndipo mbali ija sanaibwererenso.

Loweruka lotsatira anawakweza panjinga kupita nawo kumudzi wina kuseri kwa phiri. Anthu anadzaza, poti mbiri inali itamveka kuti telala uja akusewera mwini wake. Dolika ankasewera ngati mwana wawo. Anagwirizana kuti pamapeto iye afunse za chipatala, bamboyo akane, sewero liimire pomwepo kuti anthu akambirane. Dolika anagwada.

"Bambo, galimoto la achipatala likubwera Lachiwiri. Mupita?"

A Chadewa anakoka mpweya kuti akane monga anapangana. Asanatsegule pakamwa, m'khamumo munamveka mawu a nkhalamba ina yakhungu: "A Chadewa, mukapita inu, nafenso tipita!"

Bwalo linati zii. Dolika akanatha kuwanong'oneza mawu awo, kapena kuyambitsa nyimbo kuti awapulumutse. Sanatero. Anangokhala chogwada, akudikira, mpaka chete uja anafika polemera.

"Ndipita," anatero a Chadewa.

"Mukunena zam'sewero, bambo, kapena zoona?"

"Iwe mwana, ine ndili ndi pakamwa pamodzi."

Lachiwiri anakwera galimoto lija, ndipo pambuyo pawo panakwera akhungu ena asanu ndi awiri. Opaleshoni inachitika tsiku lomwelo, n'kuwamata bandeji.

M'mawa mwake atatu aja anafika kuchipatala, n'kuima pakhomo la chipinda chochotsera mabandeji. Onsewa a Chadewa ankawadziwa ndi mawu okha: Nangondo ndi Dolika anabwera iwo atachita kale khungu, ndipo Gelesomu ankamukumbukira ali kamwana kamamina. Namwino atagwira bandeji, mkuluyu anamugwira dzanja.

"Dikirani, anamwino. Zaka zonsezi sindinaone nkhope ya munthu. Yoyamba ikhale ya amene wandibwezera masowa."

"Chabwino, agogo," anatero namwino. "Koma chipinda n'chaching'ono, alowe mmodzi yekha."

Chitseko chinali chosatseka bwino, ndiye atatu aja anamva, ndipo a Chadewa nawo ankamva zonse zokambidwa panja.

"Ine sindikulimbirana," anatero Nangondo. "Koma pamene ndinkaswa nawo mtedza, inu munali kuti? Simunkafuna la kolera?"

"Ine ndinalakwa, mayi, sindikana," anatero Gelesomu. "Koma ndikanasunga pangano, bwenzi madalawa ataseka kalipentala n'kubwerera kwawo ndi ng'ala yawo."

"Ndipo atakwiya, anabwerera kukawatenga ndani?" anafunsa Dolika. "Galu uja anathamangitsa inu?"

A Chadewa anamvetsera, mtima ukuwawa ndi chikondi. Mmodzi anawapeza ali okha. Wina anawachititsa manyazi amene anawadzutsa. Winayo sanatope nawo, ndipo anadziwa nthawi yokhala chete. Kutchula mmodzi kunali kusiya awiri panja, ndipo nkhope yoyamba siibwerezedwa.

"Agogo," anatero namwino, chala chili kale pam'mphepete mwa bandeji, "anzanu asanu ndi awiri akudikira pamzere. Ndiitane ndani?"

Ine nkhani yanga ndaifikitsa pachitseko chimenechi, ndipo sindichitsegula ndekha. Inu amene mwamva zonse, ndiuzeni: alowe Nangondo, Gelesomu, kapena Dolika?