Masitampa a pa Phukusi la a Thakrar

Kwa zaka zisanu ndi zinayi, a Langton Chimwaza ankasokera pakhonde la sitolo ya a Thakrar, mmwenye wa pa Boma la Mwanza. Anali telala wa dzanja labwino, koma anali ndi nthenda yake: masitampa. Ankawamata m'kope, ndipo kopelo ankalisamala kuposa khadi la chipani.

Tsiku lina mu Ogasiti 1968, a Thakrar atapita ku Limbe kukaoda katundu, akazi awo anasuzumira pakhomo.

"A telala, kupositi kwabwera phukusi lathu. Katitengereni, koma munyamule bwino."

Phukusilo linali lokutidwa ndi nsalu yoyera yosokedwa ndi manja, ndipo mbali imodzi inali mbuu! masitampa a ku India. A Langton mtima unawagunda ngati ng'oma ya ku dambwe. Kupempha anakuganiza, koma anaona ngati n'kudzichepetsa. Ndiye mmalo molunjika kusitolo, anakhotera kunyumba kwawo.

"Katundu wa eni ake mwabwera naye kuno bwanji?" anafunsa akazi awo a Liness. "Mukudziwa zili m'katimo?"

"Amwenye amatumizirana tsabola basi. Patseni beseni."

Sitampa simatulidwa youma, imang'ambika. Anathira timadzi m'beseni n'kukhazikamo phukusi chadodolido, kuti guluu afewe pang'ono chabe. Nthawi yomweyo anyamata a malaya ofiira anatulukira, akukusa anthu kuti apite kumsonkhano wa chipani. Masiku amenewo munthu sankati ndidikireni. A Langton ndi akazi awo anakaomba m'manja kubwalo maola atatu, uku nsalu ija ikumwa madzi ngati chingwe cha nyali.

Pobwerako anapeza masitampa akuyandama bwinobwino, osang'ambika ngakhale imodzi. Koma madziwo anali atasanduka katondo, ndipo phukusi linali litafwafwanyika ngati dzungu lowola.

M'mawa mwake, a Langton atabweretsa phukusilo, a Thakrar anadula ulusi wake pakauntala, akazi awo ataima pambali ndi mbale ya maluwa. Munatuluka matope, penti wofiira, ndi kachitamba kanjovu kotalika ngati chala.

"A Langton, awa mukuwadziwa?"

"Ayi, bwana."

"Awa ndi Ganesh, mulungu wathu wa mutu wa njovu. Achimwene anga anawatumiza kuchokera ku Bombay. Ayenda miyezi iwiri panyanja, adutsa Beira, afika kuno ali ouma. Chikondwerero chawo chikuyamba sabata yamawa. Dothi lawo sitiotcha dala, chifukwa tikawapembedza masiku khumi timakawamiza mumtsinje." Anatola kachitamba kaja. "Inu mwayambira kumapeto."

A Langton anayamba kufotokoza za mvula.

"Mvula mu Ogasiti? Yogwa mbali ya masitampa yokha?"

Mayi Thakrar anaika mbale ija pansi, misozi ili m'maso, n'kulowa kuseri. Anabwerako ndi chitini cha mabisiketi. Atachitsegula, munali maenvulopu a zaka makumi awiri, onse ndi masitampa ake: a ku India, Kenya, Mangalande.

"Ndimayatsira mbaula," anatero. "Ndikanadziwa bwanji kuti pali munthu amazifuna?"

Chaka chimenecho Ganesh anaumbidwa ndi manja a mayiwo, ndi dothi la kudambo, chitamba chili chokhota. Nyimbo zinamveka masiku khumi, ndipo zotsekemera zinagawidwa kwa onse a pamsewu. A Langton sanalawe. A Thakrar anali atawathamangitsa kale, makina awo n'kuchoka pakhonde pa wilibala, ndipo tsopano ankasokera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, kumene fumbi linkadetsa nsalu za makasitomala, ndipo Disembala atafika mvula yeniyeni inawapeza.

Anthu odutsa akawaona akufunditsa makina ndi thumba la feteleza, ankangogwedeza mutu n'kunena okha kuti safunsa anadya phula.