Maenje a Fatsileni

Panali munthu wina, mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya kuchigwa. Mankhwala ake anali amodzi basi: khasu. Mwana akalakwa, kukakumba dzenje. Ndipo ankadzitama nazo, eti munthu wodziwa mwambo!

Chaka china kunabwera kalata yochokera kuboma. Inati mwana amene khalidwe lake lasintha mwadzidzidzi asapatsidwe chibalo, koma aperekezedwe kwa mlangizi wa zamaganizo amene amabwera kuchipatala Lachinayi lililonse. Mphunzitsi uja anaseka. "Maganizo? Mwana angakhale ndi maganizo anji, amagula ufa?" Kalatayo anaipinda n'kuchirikizira mwendo wa tebulo lake, poti linkagwedera.

Mu sitandade 5 munali mtsikana, dzina lake Fatsileni. Mvula ikangoyamba kugogoda malata, iye ankakuwa n'kuthawa m'kalasi. Tsiku lina analuma mnzake amene anafuna kumugwira. Khasu. Sabata yotsatira, khasu. Maenje anakwana anayi kuseri kwa sukulu, ndipo mphunzitsi uja anaganiza zongomuchotsa sukulu.

Asanatero, anapita kukayendera ntchitoyo. Ana ena ankakumba maenje ozungulira, otayamo zinyalala. Koma a Fatsileni onse anali aatali, owongoka bwino m'mbali, ndipo kumutu kwa lililonse anazikako kamtengo.

"Iwe, ndi maenje anji amenewa?"

"Ndi a amayi, aphunzitsi. Madzi osefukira anawatenga. Sitinawapeze, sitinawaike."

Abale anga, manyazi! Miyezi itatu yathunthu munthu wamkulu akukumbitsa mwana manda a mayi ake, n'kumati akuphunzitsa mwambo. Mphunzitsi uja anamulandira mwanayo khasu lija, nakasolola kalata ija pansi pa tebulo, itathimbirira ndi fumbi. Lachinayi anamuperekeza yekha kuchipatala, wapansi, njira yonse akulephera kumuyang'ana kumaso. Fatsileni sanachotsedwe sukulu.

Tsono inu a komiti ya sukulu, mukudabwa chifukwa chake ndakakamira kuti lamuloli tililembe lero lomwe: mwana wotere asagwire khasu mlangizi asanamuone. Ena mukuti tiwalekerera ana, tiwawononga. Inenso ndinkatero, mokweza mawu kuposa inu. Tebulo logwedera lija linali langa, ndipo mpaka lero sindidutsa kuseri kwa sukulu ija.