Thanki ya Matabwa ya ku Kabwata

Kwa zaka khumi ndi chimodzi Oswell Mwaba anali woyang'anira nyumba ya nsanjika zisanu ndi zitatu ku Kabwata. Ntchitoyo inam'patsanso kachipinda ka pansi pa masitepe, mmene ankakhala ndi mkazi wake Imelda ndi ana atatu. Padenga panali thanki yakale ya matabwa, yomangidwa ndi malamba asanu achitsulo, imene inkamwetsa mabanja makumi anayi.

Mu Seputembala 2024 pampu inapsa ndi kuthimathima kwa magetsi. Thanki inakhala youma masiku khumi ndi asanu ndi awiri, matabwa ake nafota mpaka dzuwa linkasuzumira m'mipata. Lachinayi, pa 3 Okutobala, eni nyumba anatumiza pampu yatsopano ndi mawu amodzi: mawa madzi atuluke m'mipopi, apo ayi Oswell apereke makiyi.

Ba Chisenga, kalipentala wokalamba amene kale ankakonza thankiyo, anam'peza padenga akukunga malamba ndi sipanala.

"Shani, ba Oswell?" anam'patsa moni mkuluyo. "Siyani ivo. Thabwa ikamwa manzi imavimba, imafufuma, mipata izatsekeka yeka. Muzithila pang'onopang'ono, masiku atatu."

"Atatu, ba shikulu? Nili na siku imozi chabe. Iyi thanki niiziba kupambana mukazi wanga."

"Muiziba ili na manzi. Youma simunaionepo."

Oswell anaseka. Anakunga lamba aliyense mpaka mipata yonse inatsekeka, nadzaza thanki mpaka pakamwa. Lachisanu mipopi inalira m'nyumba monse, padenga osadontha ngakhale dontho. Amayi a m'nsanjika anam'tcha injiniya.

Koma matabwa anali kumwa mwakachetechete, akufufuma, malo otambasukira alibe. Lamulungu masana lamba wam'munsi anaduka, kulira ngati mfuti, anzake natsatira. Thanki inayasama ngati dzungu logwa pangolo. Madzi anatsika ndi masitepe, nakumana ndi Imelda pansanjika yachisanu atasenza zochapa zokayanika padenga. Anthu anakam'tola pansanjika yachitatu, msana utathyoka.

Lolemba Oswell anapereka makiyi. Madokotala anati Imelda sadzayendanso.

Lero banjalo limakhala kwa mlamu wa Oswell ku Chunga, kumene mpopi uli kutali. M'mawa uliwonse Oswell amanyamula zigubu ziwiri kukatunga madzi osambitsa mkazi wake. Akuluakulu sananame: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.